Mwa Amoyo, Gitala ya Jazi Ili M'manja mwa Yani?

Funso loti ndi ndani woliza gitala ya jazi amene munthu umamukonda kuposa onse silivuta ukalola kuti akufa alowe nawo. Ambiri amathamangira kwa Wes Montgomery, uja ankaliza ndi chala chachikulu mpaka imfa yake mu 1968, ena kwa Django Reinhardt, ena kwa Joe Pass, ndipo mkangano umatha msanga poti ntchito ya womwalira inatsekedwa kale, palibe choonjezera. Koma wina akati titchule wamoyo, nkhani imavuta. Wamoyo sanamalize. Akhoza kutulutsa chimbale chaka chamawa chokuchititsani manyazi inu amene munkamutamanda pagulu, akhozanso kukudzidzimutsani ndi chinthu chatsopano imvi zili mbuu. Posankha wamoyo, munthu umavomereza ntchito imene sunaimve.

Komanso mndandanda wa amoyowo ukufupika tikuona. Jim Hall anapita mu 2013. Ray Phiri wa gulu la Stimela, mwana wa m'banja lochokera kuno ku Malawi, anapita mu 2017, Philip Tabane mu 2018, Pat Martino mu 2021. Russell Malone anamwalira mu Ogasiti 2024 ali pa ulendo wokaimba ku Japan. Amene amazengereza kuyankha funsoli amadzapeza kuti imfa yamuyankhira.

Ku Mzuzu funsoli limakoma mwa njira yake. Uno si mzinda wokhala ndi nyumba za jazi zoti n'kumalowamo Lachisanu lililonse. Nyimbozi timakumana nazo m'malo odyera a m'mahotela, pa madyerero a ukwati anthu akudikira akwati, m'galimoto za anzathu, ndi m'mafoni a amene alimba mtima kutha bandulo pa YouTube. Oliza gitala athu ambiri anaphunzirira m'tchalitchi, ku Katawa, ku Chibavi, ku Zolozolo, kumene mnyamata amaonetsedwa makodi atatu n'kuuzidwa kuti asasokoneze kwaya. Komabe mzinda womwewu ndi umene unasunga malemu Wambali Mkandawire kwa zaka zambiri, ndipo chimbale chawo cha Zani Muwone cha mu 2002 chinakatenga mphoto ya SAMA ku South Africa mu 2003. Kuno n'kumenenso kunachokera gulu la Body, Mind and Soul la Davie Luhanga, wodziwika kuti Street Rat, limene linapambana mpikisano wa Music Crossroads n'kukaimba ku Ulaya. Choncho khutu la munthu wa ku Mzuzu si lachilendo pa nkhani imeneyi.

Chimene a Wambali anatisiyira pomwalira pa 31 Januwale 2021 ndi muyeso. Anaonetsa kuti nyimbo ya Chitumbuka ikhoza kunyamula makodi olemera a jazi popanda kutaya kayendedwe ka ng'oma zakwathu. Kayendedwe kameneka ndiko pagona nkhani. Mukaima pabwalo la vimbuza n'kutchera khutu, mumamva kuti m'kanthawi kamodzi komweko muli kuwerenga kuwiri: china chikuyenda pawiripawiri, china patatupatatu, ndipo palibe chimene chikugonjera chinzake. Wovina amatenga ichi ndi miyendo, icho ndi mapewa. Nyimbo zambiri zotchedwa jazi zimene zimamveka m'mahotela zinasalaza zonsezi, n'kutsala ndi kugunda kunayi kowongoka, kosapunthwitsa aliyense. Ine ndikamamvera woliza gitala, ndimafuna kumva chimene amachita ng'oma zikamukokera mbali ziwiri. Ndimafunanso kumuzindikira asanamalize mzere woyamba, komanso kudziwa khalidwe lake pamene si nthawi yake yoonekera.

Akuluakulu amene anakula ndi makaseti ndi wailesi ya MBC sachedwa kuyankha: George Benson. Ndipo sakulakwa. Benson anabadwira ku Pittsburgh mu 1943, anakhwimira m'gulu la Jack McDuff woliza ogani, ndipo mu 1968 anamveka pa chimbale cha Miles Davis cha Miles in the Sky. Zala zake n'zothamanga koma mawu aliwonse amatuluka onenepa, omveka payekhapayekha, ndipo luso lake loimba ndi pakamwa mawu omwewo amene zala zikuliza lakopedwa ndi anthu osawerengeka. Breezin' ya mu 1976 inamutulutsa m'timalo ta jazi n'kumulowetsa m'nyumba za aliyense, ndipo nyimbo ya This Masquerade inatenga Grammy. Kenaka kunabwera Give Me the Night mu 1980, yokonzedwa ndi Quincy Jones, ndipo kuchokera pamenepo dziko linayamba kumudziwa ngati woimba ndi mawu amene amagwirako gitala. Vuto langa ndi Benson lagona apa. Ndikafunsa omukonda kuti anditchulire nyimbo, onse amabwerera ku zaka za m'ma 1970. Amene akumukondawo ndi Benson wa nthawi imeneyo, munthu amene ntchito yake inatsekedwa kale ngati ya Wes. Mdalayo ngwamoyo, tithokoze Mulungu, koma palibe amene akugona tulo tochepa podikira chimbale chake chotsatira.

Earl Klugh ndiye mnzathu wa m'mahotela ndi m'maukwati. Anabadwira ku Detroit mu 1953, anakopeka ndi gitala ataona Chet Atkins pa kanema ali mnyamata, ndipo anaimbako m'gulu la Benson asanayambe zake. Amaliza gitala ya nsambo za nayiloni ndi zala, osati ndi kapulasitiki, ndipo chimbale chake ndi Bob James, One on One cha mu 1979, chinapata Grammy. Anthu ena a jazi amamuderera kuti nyimbo zake n'zodyera nsima. Kumeneko n'kusamvetsa. Mvetserani pamene akuliza yekha popanda gulu: chala chachikulu chikuyendetsa besi, zapakati zikugwira makodi, nyimbo yeniyeni ili pamwamba, zonse pa gitala imodzi. Ndi ntchito yovuta yochitidwa mofatsa. Chimene sindipeza mwa iye ndi ngozi. Klugh sakufikitsa pamalo poti n'kuda nkhawa kuti kodi apa atulukapo bwanji, ndipo jazi yopanda kankhawa kameneko imanditopetsa ikafika nyimbo yachinayi.

Pat Metheny ndiye wovuta kumukana. Anabadwa mu 1954 ku Lee's Summit m'chigawo cha Missouri, analowa m'gulu la Gary Burton asanakwanitse zaka 21, ndipo chimbale chake choyamba, Bright Size Life cha mu 1976 chimene anajambula ndi Jaco Pastorius pa besi, chinasintha kamvekedwe ka gitala ya jazi kwa m'badwo wonse. Ali ndi mphoto za Grammy 20. Koma chimene ndimamulemekezera si mphotozo ayi, ndi kusakhazikika kwake. Munthu yemweyo amene analemba Last Train Home, nyimbo yoti ngakhale agogo akhoza kuikonda, ndi amene anatulutsa Song X ndi Ornette Coleman mu 1986, n'kutulutsanso Zero Tolerance for Silence mu 1994, chimbale chaphokoso chimene omukonda ambiri anachibweza m'kabati atangochimva kamodzi. Anapangitsa gitala ya nsambo 42 kwa mmisiri wa ku Canada, Linda Manzer. Mu 2024 anatulutsa MoonDial, akuliza yekha gitala ya mawu otsika. Uyu ndi wamoyo weniweni: sudziwa chimene abwere nacho. Wina akandiuza kuti wake ndi Metheny, sinditsutsa. Chimene chimanditsalira n'chakuti ng'oma za m'nyimbo zake, ngakhale zikhale zovuta motani, zimayang'ana ku Brazil ndi ku zigwa za ku America. Ndimamusirira ndili chapatali.

Ena ndiwadutsa mofulumira, osati chifukwa ndi ochepa. John Scofield, amene anaimba ndi Miles Davis kuyambira 1982 mpaka 1985, amachedwetsa mawu dala, kuwakhotetsa, ngati akunyinyirika. Bill Frisell amaliza mawu ochepa n'kusiya mpata waukulu pakati pawo. John McLaughlin anatengera gitala ku India ndi gulu la Shakti. Julian Lage, wobadwa mu 1987, ndi amene anyamata ophunzira pa YouTube amamutchula kwambiri. Ndipo poti mikangano yotereyi imakonda kukhala ya amuna okhaokha otchula amuna anzawo, nditchulepo Mary Halvorson, amene amapinda mawu ndi makina mpaka kumveka ngati nsambo yaphwa pakati pa nyimbo. Samvereka msanga, koma sungamusokoneze ndi wina aliyense.

Tikabwera kufupi ndi kwathu, mayina awiri samasowa. Jimmy Dludlu, wa ku Mozambique amene anaphunzira nyimbo pa University of Cape Town, anatchuka ndi Echoes from the Past mu 1997, chimbale chimene chinamupatsa mphoto ziwiri za SAMA. Mwa iye mumamveka Benson poyera, mpaka kuimba ndi pakamwa kotsagana ndi zala kuja, koma pansi pake pali marrabenta a ku Maputo ndi nyimbo za m'makomboni a ku South Africa. Pa nsanja ndi chilombo: amavina, amatsika n'kulowa pakati pa anthu, gitala ili m'manja osaphonya. Ngati muyeso ndi woti ndani angadzutse anthu pa Mzuzu Stadium usiku wozizira wa mu Julayi, Dludlu wapambana tisanayambe. Louis Mhlanga wa ku Zimbabwe, wobadwa mu 1956, ndi wosiyana naye kotheratu. Mawu a gitala yake ndi oyera, odukaduka, ndipo mizere yake imazungulira ngati ya mbira, kubwerera pamalo omwewo koma itasintha pang'ono. Mvetserani pamene akuperekeza Vusi Mahlasela muone m'mene amadzichepetsera kuti mawu a mnzake aoneke. Mwa awiriwa mtima wanga uli kwa Mhlanga, ngakhale ndikudziwa kuti tikiti yogulika msanga ndi ya Dludlu.

Tsono pali Erik Paliani, ndipo apa mkangano umatentha chifukwa ndi mwana wakwathu. Anayambira m'gulu la Acacias kuno ku Malawi, n'kupita ku South Africa, kumene kuli oliza gitala ochuluka moti mlendo sapatsidwa mpando chifukwa cha chisoni. Kumeneko anagwira ntchito ndi Zamajobe pa chimbale cha Ndawo Yami cha mu 2004, anamveka pa Smoke 'n' Mirrors ya Lee Ritenour mu 2006, ndipo Hugh Masekela anamupatsa udindo wokonza chimbale chake cha Phola, chimene chinafika pa msika wa dziko lonse mu 2009. Taganizirani zimenezo: munthu amene anaimba ndi akatswiri a ku New York kwa zaka makumi, atakalamba n'kupereka nyimbo zake m'manja mwa mnyamata wa ku Malawi. Chimbale cha Paliani mwini, Chitukutuku, chinatuluka mu 2010. Luso lake lalikulu ndi lija ndanena, la khalidwe la munthu pamene si nthawi yake. Pa Phola gitala sikuwa. Imaika kamzere apa, kakodi apo, kutsegulira njira lipenga la mdalayo, ndipo ukayesa kuichotsa m'maganizo nyimbo yonse imagwa. Anyamata athu amene amaganiza kuti jazi ndi kuthamangitsa zala mpaka kumapeto kwa khosi la gitala akanaphunzira zambiri pamenepa. Chovuta n'chakuti ntchito yake yambiri yagona m'zimbale za anthu ena, ndipo wofuna kumudziwa ayenera kuwerenga timalemba ta kuseri kwa chikuto, timene masiku ano a nyimbo za pa fulashi palibe amene amationa.

Omuikira kumbuyo ali ndi mfundo imene sindingaipeputse. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno: Paliani ukhoza kukwera basi, kulipira pakhomo, kukhala kutsogolo n'kuona zala zake, pamene Metheny udzafa usanamuone. Jazi ndi nyimbo yopekedwa pomwepo, anthu akuona, ndiye woimba amene ungamumve ndi makutu ako m'chipinda chimodzi ali ndi mwayi umene chimbale sichingapereke. Amakumbutsanso kuti gitala ya ku Malawi ili ndi mzere wake wa makolo: Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene ankatulutsa besi, kagundidwe ndi nyimbo pa gitala imodzi mpaka Gerhard Kubik wa ku Austria anatha zaka akumuphunzira, ndi Alan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu Jazz Band yake. Zonsezi n'zoona. Chimene ndimakana ndi kusankha munthu pa chifukwa chokha choti ngwakwathu. Kutero n'kumunyoza Paliani, chifukwa Masekela sanamusankhe poyang'ana chiphaso.

Wanga ndi Lionel Loueke wa ku Benin. Anabadwa mu 1973, anayamba ndi ng'oma ndi kuimba, ndipo gitala anaigwira ali ndi zaka 17. Mbiri ya chiyambi chake aliyense wa kuno angaizindikire: nsambo zinali zodula ndi zosowa, moti anafika poyesa waya wa mabuleki a njinga, womwe uja ana a m'midzi mwathu amamanga pa banjo ya chigubu. Chimene chinamutembenuzira ku jazi ndi chimbale cha George Benson chimene mnzake anamubweretsera. Mu 1990 anapita kukaphunzira ku Abidjan, mu 1994 ku Paris, mu 1999 ku Berklee College of Music ku Boston. Mu 2001 anakayesedwa pofuna kulowa Thelonious Monk Institute pamaso pa Herbie Hancock, Wayne Shorter ndi Terence Blanchard, ndipo sanangomulandira: Blanchard anamutenga m'gulu lake, kenaka Hancock anamutenganso, n'kukhala naye zaka zambiri. Ali pa River: The Joni Letters, chimbale cha Hancock chimene chinatenga Grammy ya chimbale chopambana zonse mu 2008.

Koma sindimukondera masukulu kapena mabwana amene wawagwirira ntchito. Ndimamukondera chimene anachita atamaliza kuphunzira zonsezo. Ambiri a ku Africa amene amafika ku Boston amabwerako akuliza ngati a ku Boston, ndipo zakwawo amangoziwaza pamwamba kuti azungu adziwe kumene achokera. Loueke anatembenuza zinthu. Makodi ake ndi a jazi yakuya, ya Hancock ndi Shorter, koma dzanja lake lamanja ndi la woimba ng'oma. Amaliza ndi zala, amamenya thupi la gitala, amalowetsa kapepala pakati pa nsambo pafupi ndi pomangira kuti mawu afupike n'kumveka ngati kalimba. Pomwepo akuimba m'chinenero cha Fon, lilime likuthetheka m'kamwa ngati kang'oma kachitatu. Munthu mmodzi, koma kuwerenga kukuyenda pawiri kapena patatu, ndendende zija timamva pabwalo la vimbuza. Pa chimbale cha Karibu cha mu 2008, choyamba chake ku kampani ya Blue Note, muli nyimbo ya Seven Teens yomangidwa pa kuwerenga kwa 17. Pa pepala zimaopsa. Ukamamvera suwerenga n'komwe, umangopeza mutu ukugwedezeka, chifukwa iyeyo sanazitenge ngati masamu. Anzake awiri a nthawi yaitali, Massimo Biolcati pa besi ndi Ferenc Nemeth pa ng'oma, anaphunzira kuyenda naye m'njira zokhotakhotazo popanda wina kuponda mnzake.

Ndipo sanaime. Mwaliko ya mu 2010 inamukumanitsa ndi Angélique Kidjo, Richard Bona ndi Esperanza Spalding. Heritage ya mu 2012, imene anakonza ndi Robert Glasper, inalowa m'magetsi ndi m'phokoso. Mu 2020 anatulutsa HH, akuliza yekha nyimbo za Hancock, ndipo Watermelon Man imene aliyense amaganiza kuti amaidziwa inatuluka ngati yobadwira ku Cotonou. Ichi ndicho ndimafuna mwa wamoyo: ndikamva kuti watulutsa china, sindidziwa chimene ndikapeze, koma ndimadziwa kuti ndikamuzindikira pa mawu oyamba.

Zomutsutsa zilipo, ndipo zina n'zomveka. Nyimbo zake si zoika paukwati. Alendo angafunse ngati makina awonongeka. Nthawi zina makina osinthira mawu amamuchulukira, gitala n'kumveka ngati kiyibodi yotsika mtengo, ndipo pamenepo ndimalakalaka akanangobwerera ku nsambo za nayiloni. Alibe nyimbo imodzi yoti wakabaza angaiimbe ndi mluzu potsika ku Katoto, monga ilili Breezin'. Ndipo pa mfundo ya kuona zala ndi maso, wandigonjetsa ndi wa Paliani: ndalama zanga za pakhomo zidzapita kwa oimba a kuno, pamene Loueke adzangodya bandulo yanga. Ndikuvomera zonsezo, koma funso silinali loti ndani ali pafupi kapena ndani amasangalatsa anthu ambiri.

Chifukwa china chimene ndimamutchulira ku Mzuzu kuno n'chakuti njira yake ndi yoti mnyamata wa kwaya ya ku Chiputula akhoza kuitsata. Kuti ulize ngati Metheny pamafunika zipangizo za ndalama zambiri. Kuti uyambe kumva chimene Loueke akuchita pamafunika ng'oma zimene unakula nazo, za vimbuza kapena za malipenga a ku Nkhata Bay, ndi kuleza mtima kophunzira makodi opitirira atatu aja. Wofuna kuyesa ayambe ndi Nonvignon, nyimbo yotsekera Karibu, imene ndi yosavuta kulowamo. Aimvere kamodzi osachita kanthu, kachiwiri akuomba m'manja pawiripawiri, kachitatu patatupatatu, aone kuti zonse zikukwana. Akatero atenge gitala yake, ang'ambe kapepala m'kope, akalowetse pakati pa nsambo kumunsi kuja, n'kuliza nyimbo ya kwaya imene amaidziwa bwino. Achite zimenezi kunyumba kaye, osati Lamlungu m'mawa pamaso pa abusa.